Tsiku lomwe munthu anapatsidwa laisensi ya Microsoft 365 tingalipeze kuti?

Tadala: Mwadzuka bwanji akuluakulu. Ndibwerekeniko nzeru. Ku ofesi kwathu ku Area 47 kwabwera ma odita, ndipo akufuna mndandanda wa antchito onse omwe ali ndi laisensi ya Microsoft 365, aliyense ndi tsiku lomwe anapatsidwa laisensiyo, kuyambira Januwale chaka chatha. Nkhani yake ndi yakuti ndalama za malaisensi timazigawa ku mapulojekiti, ndiye dona aliyense akufuna aone kuti munthu wa pulojekiti yake anayamba liti kulipiriridwa. Mu admin center ndikuona dzina, ndikuona mtundu wa laisensi, koma tsiku palibe. Ndatsitsa CSV ya Active users, namonso tsiku la laisensi mulibe. Kodi limabisala kuti?

Kondwani: Sisi, lowani mu Entra, komwe Microsoft imasungira maakaunti a antchito, pitani ku Audit logs, pa Activity musankhe Change user license. Muona yemwe anapereka, yemwe anapatsidwa ndi nthawi yake.

Tadala: Kumeneko ndafikako achimwene. Pakutuluka mizere itatu yokha, yonse ya sabata ino.

A Nkhoma: Ndiye kuti muli pa Entra yaulere. Yaulereyo imasunga masiku 7 okha. Mukakhala ndi P1 kapena P2, zomwe ndi Entra yolipira, imafika masiku 30. Kupyola pamenepo zimafufutika ndipo palibe batani lozibwezera. Audit log imeneyi ili ngati buku la mlonda wa pageti: aliyense wolowa amalembedwa bwinobwino, koma mwini nyumba amang'amba masamba akale sabata iliyonse. Za Januwale chaka chatha musavutike kuzifuna kumeneko mwana wanga.

Tadala: Eee a Nkhoma, mwandiswa mtima m'mawa uno.

Kondwani: Musafooke msanga, pali log yachiwiri yomwe anthu ambiri amaiiwala, ya Purview, chida cha Microsoft cholemba zochitika za mu Microsoft 365. Imeneyo imasunga masiku 180. Kale inali masiku 90, anawonjezera mu Okutobala 2023. Amene ali ndi laisensi yapamwamba ya E5 zawo zimakhala chaka chathunthu, koma ku Lilongwe kuno a E5 ndi owerengeka. Mu PowerShell lumikizani ku Exchange Online kenako muthamangitse Search-UnifiedAuditLog, pa Operations mulembe "Change user license." Chonde onani kadontho kali kumapetoko, mkati mwa ma quote. Mukakasiya sikubweretsa kanthu ndipo sikuuzani chifukwa, mungoganiza kuti log ilibe zinthu.

Kondwani: Chinanso, mzere wa Change user license nthawi zambiri sutchula kuti ndi laisensi iti yomwe yasintha. Zimenezo mumazipeza mu mzere wina wa nthawi yomweyomweyo wotchedwa "Update user." M'kati mwake muli AssignedLicense, zakale ndi zatsopano. Muzitenga mizere iwiriyo limodzi.

Blessings: Aise Kondwani, uwauzenso ayambe aona ngati auditing ndi yoyatsa. Ndinalandira tenant ina, kutanthauza akaunti yonse ya bungwe pa Microsoft 365, ya kampani yaing'ono ku Old Town, pa Business Standard, mwa Purview munalibe olo mzere umodzi chifukwa palibe anayatsapo chikhazikitsireni. Get-AdminAuditLogConfig, muyang'ane UnifiedAuditLogIngestionEnabled. Ikati False, yatsani lero lomwe, koma dziwani kuti iyamba kulemba kuchokera lero, zam'mbuyo sizibwera.

Tadala: Kwathu yati True, Mulungu ndi wabwino. Ndapeza anthu 9 omwe anapatsidwa m'miyezi 6 yapitayi, masiku ake ali bwinobwino. Koma antchito tilipo oposa 60. Enawa nditani nawo?

Kondwani: Enawo tiwafune ku Microsoft Graph, njira yofunsira deta ya Microsoft 365 ndi malamulo a pa kompyuta. Munthu aliyense ali ndi zinthu ziwiri zokhala ndi tsiku. Choyamba ndi licenseAssignmentStates, muli lastUpdatedDateTime, komanso assignedByGroup yomwe imakuuzani ngati laisensi inabwera kudzera pa gulu kapena anapatsidwa yekha. Chachiwiri ndi assignedPlans, muli assignedDateTime ya kachidutswa kalikonse, Exchange payokha, SharePoint payokha, Teams payokha. Lembani chonchi: Get-MgUser -All -Property DisplayName,UserPrincipalName,CreatedDateTime,LicenseAssignmentStates,AssignedPlans. Mukapanda kuzitchula pa -Property zibwera zopanda kanthu.

Gift: Ine ndili ndi sikiripiti yakale ya Get-MsolUser, ndikutumizireni?

Kondwani: Ija isunge ku museum aise 😂 MSOnline ndi AzureAD anazilengeza kuti zatha ntchito pa 30 Malichi 2024, ndipo MSOnline anaitsekeratu mu 2025. Panopa ndi Microsoft Graph PowerShell basi.

Gift: Ndiye chifukwa chake yakhala ikundikanira. Ndimaganiza ndi netiweki.

Tadala: Ndathamangitsa. Koma pali chodabwitsa. Anthu pafupifupi onse akuonetsa tsiku limodzi la mu Ogasiti 2025, ndi ola lomwe n'limodzi. Ngakhale bwana wathu wamkulu yemwe wakhala pano kuyambira bungwe lisanasamuke ku Area 3, naye akuti Ogasiti 2025.

A Nkhoma: Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndimadikira kuti mufikepo. Tsiku limenelo silikutanthauza kuti munthu anapatsidwa laisensi koyamba pa tsikulo. Likutanthauza kuti pa tsikulo china chake chinasintha pa laisensi yake. Mukachotsa laisensi n'kubwezeretsa, tsiku limasintha. Mukasamutsa munthu kuchoka pa mtundu wina kupita pa wina, limasintha. Mukazimitsa kachidutswa kamodzi kokha, limathanso kusintha. Ndiye dzifunseni: mu Ogasiti 2025 munachita chiyani pa tenant yonse?

Yamikani: Ndiyankhe ine a Nkhoma, chifukwa ife ogulitsa malaisensi tinaziona kwambiri chaka chimenecho. Microsoft inathetsa zaulere zina za mabungwe osachita phindu, ma Business Premium 10 aja ndi Office 365 E1, kuyambira pa renewal yoyamba yochokera pa 1 Julayi 2025. Inasiya Business Basic yaulere mpaka anthu 300, zinazo n'zogula pamtengo wotsitsa. Mabungwe ambiri a mu Lilongwe muno anasamutsa anthu awo onse tsiku limodzi. Ndikukhulupirira kuti a Tadala nanunso ndi zomwezo.

Tadala: Ndi zomwezo ndithu. Tinachoka pa E1, a m'ma ofesi a kumaboma tinawaika pa Basic, a kulikulu kuno tinawagulira Standard chifukwa amafuna Word ndi Excel za pa kompyuta.

A Nkhoma: Ndiye tsiku limenelo ndi loona, koma likuyankha funso lina. Ndipotu likhoza kukuthandizani: ngati musanasamuke munali pa E1 yaulere, ndiye kuti Januwale mpaka Julayi palibe ndalama ya laisensi yomwe dona analipira pa anthu amenewo. Ndalama inayamba kutuluka mu Ogasiti, pa anthu a Standard okha.

Tadala: Iiii koma zoona. Ine maso anali pa tsiku basi.

Mayi Chirwa: Pepani ndilowererepo, ine si wa IT, ndine wa ku akaunti, anandiika mu gulu lino ndi mwana wa achemwali anga kuti ndizifunsa zikandivuta. Koma nkhani iyi ndi ya kwathu. Odita akafunsa tsiku, chomwe akufuna kwenikweni ndi umboni woti ndalama yomwe munalemba pa pulojekiti inagwiradi ntchito ya pulojekitiyo. Safuna kuti umboniwo uchokere kwa Microsoft kokha. Kontilakiti ya ntchito, fomu yopempha akaunti yosainidwa ndi mkulu wa nthambi, imelo ya HR youza a IT kuti wakuti wayamba Lolemba, ma timesheet, zonsezo ndi umboni. Chomwe sitifuna kuona ndi tebulo loti mizere yonse yadzaza bwinobwino ndi masiku koma mukafunsidwa kuti tsiku ili mwalitenga kuti mukuyang'ana kudenga. Ikani danga lina pambali lolemba gwero la tsiku lililonse. Pomwe mwangoyerekeza, lembani kuti mwayerekeza ndipo mwatengera chakuti. Odita amalemekeza zimenezo kuposa tebulo lokongola.

Blessings: Amayi mwalankhula. Gulu lino muzibwera pafupipafupi.

Mayi Chirwa: Ndimawerenga tsiku lililonse bambo, kungoti zambiri mumalankhula chinenero chanu.

Kondwani: Pa oyerekezawo pali zokuthandizani ziwiri. CreatedDateTime ya akaunti, chifukwa laisensi singabwere akaunti isanapangidwe. Kenako Get-Mailbox, muyang'ane WhenMailboxCreated. Bokosi la imelo limabadwa munthu akapatsidwa koyamba laisensi yokhala ndi Exchange, ndipo tsiku limenelo silisuntha mukasintha mtundu wa laisensi. Kwa munthu yemwe akaunti yake inapangidwira mu cloud momwemo, limayandikira kwambiri tsiku lenileni.

A Nkhoma: Bola ngati mabokosiwo sanachite kusamutsidwa kuchoka pa seva yakale ya Exchange. Osamutsidwawo tsiku lawo musalikhulupirire. Komanso samalani ndi akaunti zobwerekana. Kuno ku Kanengo ndinapeza chizolowezi choti munthu akachoka ntchito amangosintha dzina pa akaunti yake n'kupatsa wolowa m'malo. Pamenepo tsiku lililonse lomwe mungatenge ndi la munthu yemwe anachoka kalekale, ndipo watsopanoyo amatsegula OneDrive n'kupeza zithunzi za ukwati wa eni ake.

Gift: 😂😂 zimenezi zilipo ndithu

Tadala: Kwathu zilipo ziwiri zotero, za ma intern. Ndizilemba padera.

Chikondi: Moni nonse, pali amene akufuna HP EliteBook core i5, 8GB, yabwinobwino? Ndili ku Area 25, inbox.

Admin: A Chikondi, malonda ndi Loweruka. Chonde fufutani.

Tadala: Funso lina. Mu zomwe zatuluka, laisensi ikuoneka ngati nambala yaitali, SkuId. Ndathamangitsa Get-MgSubscribedSku kuti ndione maina, ikundiuza O365_BUSINESS_PREMIUM. Koma ife sitinagule Premium. Kodi atigulitsa zina?

Yamikani: Ayi asisi, musatiimbe mlandu 😅 Limenelo ndi dzina lakale la Business Standard. Anasintha maina a malonda mu 2020 koma maina am'kati anawasiya momwemo. O365_BUSINESS_PREMIUM ndi Business Standard. O365_BUSINESS_ESSENTIALS ndi Business Basic. Business Premium yeniyeni imalembedwa SPB. STANDARDPACK ndi E1, ENTERPRISEPACK ndi Office 365 E3. Mu lipoti la ma odita mulembe maina omwe ali pa invoisi, apo ayi mutha tsiku lonse mukufotokoza.

Yamikani: Ndipo poti mwatsegula kale Get-MgSubscribedSku, yang'anani manambala awiri: PrepaidUnits ndi ConsumedUnits. Yoyambayo ndi zomwe munagula, yachiwiriyo ndi zomwe mwapereka kwa anthu. Invoisi imatsatira zogula. Laisensi ikhale pa munthu kapena ingokhala, mtengo ndi womwewo. Anthu ambiri amaganiza kuti akachotsa laisensi pa munthu wochoka ntchito ndiye kuti bilu yatsika. Siitsika.

Tadala: Standard tinagula 25, zopatsidwa ndi 21.

Mayi Chirwa: Ndiye zinayi zotsalazo akulipira ndani? Limenelo ndi funso lomwe odita adzafunse akamaliza la masiku. Simungazilembe pa pulojekiti ya dona popeza palibe munthu wa pulojekiti amene akuzigwiritsa ntchito. Zimapita ku ndalama za ofesi. Kambiranani ndi a zachuma anu asanazipeze okha ma odita.

Tadala: Tingazibweze?

Yamikani: Zimatengera mgwirizano. Pa dongosolo la NCE, lomwe Microsoft imagulitsira malaisensi kudzera mwa ife ogulitsa, mukatenga za chaka mumakhala ndi masiku 7 okha ochepetsa nambala kuchokera tsiku logula kapena la renewal. Akadutsa, mwamangika mpaka chaka chithe, ngakhale mukulipira mwezi ndi mwezi. Za mwezi umodzi umodzi mumamasuka koma zimakwera ndi 20%. Ine ndimalangiza mabungwe a mapulojekiti kuti antchito okhazikika aziwaika pa za chaka, koma a makontilakiti afupiafupi pa za mwezi. Ndi mmene dola ikusowera, komanso chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023, laisensi yongokhala si yoiseka.

Blessings: Wogulitsa akulangiza kasitomala kuti agule zochepa? Ndijambule sikirinishoti.

Yamikani: Kasitomala wokwiya sabwerera aise.

Mphatso: Ndifunseko ife a Google Workspace, ndili pa sukulu ina ku Area 10. Kwathu zilinso choncho?

Kondwani: Pafupifupi. Mu Admin console pitani ku Admin log events, mufufuze User License Assignment. Amasunga miyezi 6. Ndiye nanunso za chaka chatha simuzipeza ngati simunazitulutse.

Mphatso: Zikomo, ndiyamba kutulutsa.

Kondwani: Tsopano a Tadala, kuti chaka chamawa musadzavutikenso. Njira yoyenera ndi Diagnostic settings mu Entra, mutumize AuditLogs ku Log Analytics. Kumeneko mumasankha nokha nthawi yosungira, mpaka masiku 730 zofufuzika pompopompo, ndipo zakale kwambiri zimatha kusungidwa zaka zambiri. Mukatero funso ngati la lero ndi mizere inayi ya KQL, chinenero chofufuzira mu Log Analytics.

A Nkhoma: Njirayo ndi yabwino pa pepala a Kondwani. Koma imafuna Azure subscription yomwe ilipiridwe m'madola mwezi uliwonse. Ndalama yake ndi yochepa, sindikukana, koma pitani mukauze a zachuma kuti mukufuna khadi yoti izidulidwa madola osadziwika kuchuluka kwake mwezi ndi mwezi. Mudzadikira chilolezo mpaka log yomwe mumafuna kusungayo itafufutika. Ine pano ndimachita zachikale. Sabata iliyonse sikiripiti imatulutsa CSV ya anthu onse ndi malaisensi awo, dzina la fayilo ndi tsiku. Ndikafuna kudziwa kuti wakuti anapatsidwa liti, ndimayang'ana fayilo yoyamba yomwe akuonekamo. Kamodzi pa mwezi ndimatulutsanso za Purview n'kusunga pambali. Sizinandidyerepo tambala.

Kondwani: Koma mdala, CSV siikuuzani kuti anapereka ndi ndani. Ndipo wina akapatsidwa Lachiwiri n'kulandidwa Lachinayi simudzadziwa.

A Nkhoma: N'chifukwa chake ndati ndimatulutsanso za Purview. Masiku 180 ndi ambiri, ngakhale mutaiwala miyezi iwiri simutaya kanthu.

Kondwani: Nanga kompyuta yothamangitsa sikiripitiyo ikazima ndi magetsi?

A Nkhoma: Imathamanga ikayaka. Mu Task Scheduler muli kabokosi koti ntchito ikaphonya nthawi yake iyambe mpata ukangopezeka. Musandiyese, ndinayamba ntchitoyi inu muli ku pulayimale 😄

Blessings: Nonse mukunena zoona, kungoti wina ali ndi bajeti wina alibe. Ine ndionjezere ichi: chepetsani anthu opereka malaisensi. Malo ambiri mumapeza ma Global Admin asanu, wina mpaka anachoka ntchito. Pali udindo wa License Administrator, mupatse munthu mmodzi kapena awiri. Ndipo ngati muli ndi P1, perekani kudzera m'magulu, gulu lililonse pulojekiti yake. Mukatero assignedByGroup yokhayo ikuuzani kuti laisensi iyi ndi ya dona uti.

Kondwani: Kungochenjeza pa za magulu, mu log mudzaona kuti wopereka laisensi ndi makina a group-based licensing, osati munthu. Kuti mudziwe munthu, mufufuze Add member to group. Ndipo munthu wopanda Usage location amatenga dziko la tenant, pomwe mukamapereka mwachindunji kudzera mu Graph imakana mpaka muike MW, chidule cha Malawi.

Mayi Chirwa: Ma CSV mukusungawo muli maina ndi ma imelo a anthu. Musawaike pa foda yomwe aliyense amalowamo. Tili ndi lamulo la Data Protection la 2024 tsopano, ndipo madona ayamba kufunsa za zimenezi m'mafomu awo.

A Nkhoma: Zoona amayi. Anga ali pa SharePoint ya IT yokha, tikuona anthu awiri.

Gift: Ine langa ndi la ochoka ntchito. Ndikachotsa laisensi, maimelo awo amapita kuti? Abwana amafuna kumawaona nthawi zina.

Blessings: Ukangochotsa, bokosi limakhala masiku 30 kenako lapita. Uyambe walisandutsa shared mailbox laisensi ikadalipo, kenako uchotse laisensiyo. Likakhala losapyola 50GB silifuna laisensi. Akauntiyo usaifufute, ungoitseka kuti asalowenso. Ndipo tsiku lochotsalo ulilembe, chifukwa odita wa a Tadala akadzafika kwanu adzafuna masiku onse awiri, lolowa ndi lotuluka.

Tadala: Mwanditsegula maso, lotuluka sanandifunse koma ndiliika. Pali wina anachoka mu Okutobala ndipo laisensi yake ikadali pa dzina lake, ndiye kuti pulojekiti ija yakhala ikulipira munthu woti kulibe. HR sanatumize fomu ku IT.

Mayi Chirwa: Imeneyo ibwezedwe ku pulojekiti ndi journal, kuyambira mwezi wotsatira kuchoka kwake. Auzeni a zachuma lero.

Kondwani: Chomaliza kwa ine, nthawi zonse zomwe Graph ndi Search-UnifiedAuditLog zikutulutsa ndi za UTC, nthawi ya dziko lonse. Ife tili patsogolo ndi maola 2. Zimaoneka zazing'ono, koma laisensi yoperekedwa 1 koloko usiku pa 1 Seputembala idzaoneka ngati ya pa 31 Ogasiti, ndipo inu mumagawa ndalama pa mwezi.

Gift: Ndani amapereka laisensi 1 koloko usiku?

Kondwani: Amene magetsi kwawo abwera 12 koloko.

Blessings: 😂😂😂 Area 36 yalankhula

Tadala: Ndayang'ana, palibe wagwera pa malire a mwezi, koma ndaonjezera maola 2 pa onse kuti zifanane ndi maimelo a HR. Mmene tebulo lakhalira ndi chonchi. Anthu 9 tsiku lachokera ku Purview. A Standard omwe analipo kale, tsiku ndi la kusamuka kwa mu Ogasiti, ndipo ndaphatikizapo invoisi yoyamba. Atatu omwe analowa ntchito kusamuka kutachitika koma masiku 180 asanayambe, ndatenga lastUpdatedDateTime, ndayerekeza ndi WhenMailboxCreated ndi kontilakiti, zikugwirizana kupatula mmodzi yemwe zasiyana ndi milungu iwiri. A Basic ndawaika pa tsamba lina popeza salipiridwa.

A Nkhoma: Wosiyana ndi milungu iwiriyo, liti lili patsogolo?

Tadala: Bokosi la imelo ndi la pa 8 Seputembala, laisensi ikuti pa 22.

A Nkhoma: Ndiye kuti anayamba ndi Basic, kenako anadandaula kuti akufuna Excel ya pa kompyuta, wina n'kumukweza pa 22. Fufuzani mu imelo ya helpdesk sabata imeneyo.

Tadala: Ndaipeza. Ndi wa M&E, analemba pa 19, mnzanga anamusinthira Lolemba lake. Ndaiphatikiza ngati umboni. A Yamikani, renewal yathu ikakhala mu Ogasiti, zinayi zija ndinene liti kuti zichotsedwe?

Yamikani: Musadikire masiku 7 aja, amathera m'makalata. Lemberani amene amakugulitsani mu Julayi, muwauze nambala yomwe mukufuna pa renewal, amatha kuikonzeratu kuti isinthe yokha tsikulo. Muwapemphe akuyankheni pa imelo, osati pa foni.

Tadala: Ndaika pa kalendala. A Nkhoma, sikiripiti yanu ya sabata ija mungandigawireko?

A Nkhoma: Ndikutumizirani madzulo ndikachotsamo maina a tenant yathu. Imafuna app registration yokhala ndi User.Read.All ndi Organization.Read.All, ndipo mugwiritse ntchito certificate, pasiwedi musailembe mu fayilo.

Mphatso: A Nkhoma, ya Google mulibe?

A Nkhoma: Imeneyo funsani a Kondwani, ine za Google sindinazigwirepo.